MJIGO UKAFA, WOVUTIKA NDI MWANA WAMKAZI: TIPHUNZITSE UINJINIYA M'SUKULU ZATHU

Domwe, Angónia

Chilimwe chathachi mjigo wa m'mudzi mwathu unafa. Chogwirira chake chinkakwera ndi kutsika bwinobwino, koma madzi osatuluka ngakhale dontho. A komiti ya madzi anasonkhetsa ndalama khomo ndi khomo, natumiza uthenga kwa mmisiri amene amakhala kutali nafe, ndipo tinadikira masabata atatu. M'masabata atatuwo amene ankatsikira kudambo m'mbandakucha, chisanu chili ng'ang'ang'a monga mudziwira chisanu cha kuno ku Domwe, anali ana aakazi. Ena ankafika kusukulu belu litalira kale, ena osafikako n'komwe. Anyamata anzawo anali m'kalasi.

Tsiku limene mmisiri uja anabwera ndinalipo. Anatulutsa sipanala imodzi, anamasula pamutu pa mjigo, anazula ndodo zachitsulo imodzi imodzi, ndipo kunsi kwake anachotsa kamphira kozungulira kochepa ngati chibangiri cha khanda. Kanali katadyeka. Anaikapo kena, anabwezeretsa zonse, madzi anatuluka ola lisanathe. Atsikana angapo anasendera pafupi kuti aone, koma bambo wina anawathamangitsa, nati izi si za ana aakazi. Ine ndinabwerera kunyumba ndi funso. Kodi zikutheka bwanji kuti mwana amene amasenza madziwo tsiku ndi tsiku, amene amavutika mjigo ukafa, ndiye amene saloledwa kuona m'kati mwake?

Abale anga, ganizo langa lero ndi ili: sukulu zathu za m'midzi ziyambe kuphunzitsa uinjiniya kuyambira ku pulayimale, kwa mwana aliyense, wamkazi ndi wamwamuna, wolumala ndi walungalunga, wa kwa mwini chigayo ndi wa kwa mayi wamasiye. Ndikukhulupirira kuti phunziro limeneli lingathe kufananitsa ana athu kuposa maphunziro ambiri amene tili nawo.

UINJINIYA N'CHIYANI?

Tisaope dzinali. Injiniya, amene m'Chipwitikizi timamutcha enjenyeru, ndi munthu amene akaona vuto amaliyesa ndi muyeso, amajambula njira yolithetsera, amapanga chinthucho, amachiyesa ngati chikugwira ntchito, ndipo chikakanika amafufuza chifukwa chake n'kuyambiranso. Ndi zimenezo basi. Masamu amalowamo, manja amalowamo, kuleza mtima kumalowamo.

Nzeru imeneyi si yachilendo kuno. Makolo athu ankasungunula miyala m'ng'anjo n'kusula makasu ndi nkhwangwa Mzungu asanaponde dziko lino. Amene amaluka nkhokwe amadziwa kuti iyenera kukhala pamwamba pa miyala kuti chinyezi ndi chiswe zisafike kuchimanga. Amene amakhoma ngolo amadziwa pamene tayala liyenera kukhala kuti katundu asalemere ng'ombe pakhosi. Ndipo taonani ana athu akamapanga galimoto zamawaya zokhala ndi chiwongolero chokhota mataya enieni. Palibe anawaphunzitsa. Chodabwitsa n'chakuti mwana yemweyo akalowa m'kalasi amauzidwa kuti asiye zidolezo panja, akhale chete, akopere zimene zili pabolodi.

Ngakhale mjigo ndanena uja uli ndi mbiri yoyandikana nafe. Mijigo yambiri ya m'midzi yathu ndi ya mtundu wa Afridev, umene unayambira ku Malawi kumayambiriro a zaka za m'ma 1980. Anthu amene anaupanga anali ndi cholinga chimodzi chachikulu: kuti anthu a m'mudzi, amayi omwe, azitha kuukonza okha ndi zida zochepa, osadikira galimoto yochokera ku boma. N'chifukwa chake ndodo zake zimazuka ndi manja ndipo timphira take n'totsika mtengo. Tsono ngati chinthu chinapangidwira dala kuti ife tizichikonza, ndipo ife tikudikirabe masabata atatu, ndiye kuti chosowa ndi chiphunzitso.

CHIGAWO CHA AINJINIYA, KOMA ANA AKE ALI KUTI?

Palibe chigawo m'Mozambique muno chimene chili ndi ntchito zazikulu za uinjiniya ngati chathu cha Tete. Damu la Cahora Bassa, limene linatha kumangidwa mu 1974, lili ndi mphamvu ya mamegawati 2,075, ndipo mawaya ake amayenda makilomita pafupifupi 1,400 mpaka ku South Africa, kumene magetsi ambiri amagulitsidwa. Kuyambira mu 2007 gawo lalikulu la damuli lili m'manja mwa dziko lathu. Ku Moatize kuli migodi ya malasha. Kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011, ndipo mu 2022 inagulitsa mgodiwo kwa kampani ya Vulcan. Pa Zambezi pali mlatho wa Samora Machel ndi wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Palinso mapulani a damu lina ku Mphanda Nkuwa.

Sukulu zophunzitsa ntchitozi ziliponso. Instituto Superior Politécnico de Tete inakhazikitsidwa mu 2005, ya ku Songo mu 2008, ndipo pa Ulongwe pompa pali nthambi ya za ulimi ya Universidade Zambeze. Makomo alipo. Koma tadzifunsani m'mudzi mwanu: ndi ana angati a pansi pa phiri la Domwe amene analowa pamakomo amenewo? Nanga mwa iwowo, aakazi ndi angati?

Mwana wa mu mzinda wa Tete amakula akuona ainjiniya atavala zipewa zawo, mwina malume ake ndi mmodzi wa iwo, ndipo Chipwitikizi amachiyamwira kubere. Mwana wa kuno amayamba kumva dzina la ntchitoyo ali kale wamkulu, nthawi yosankha njira itapita. Mutu wake ndi wabwino ngati wa mnzake uja. Kungoti palibe anamuonetsa kuti zimene amachita ndi mawaya kuseri kwa nyumba zili ndi sukulu yake ndiponso malipiro ake. M'mera mpoyamba, anatero akuluakulu.

Ndipo kusowa anthu athu odziwa zimenezi kumatipweteka. Mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodi anadandaula za nyumba zong'aluka, mpaka mu Januwale 2012 anatseka njanji. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anagwetsa mlatho wa pa Revubwe, mtsinje umene madzi ake amachokera kumapiri athu ano. Mudzi umene ulibe munthu wodziwa kufunsa kuti maziko akuya bwanji, simenti yasakanizidwa motani, madzi adzadutsa kuti, umangolandira chimene wapatsidwa n'kuwomba m'manja.

MMENE PHUNZIROLI LIMAFANANITSIRA ANA

Choyamba ndi chilankhulo. Tonse tikudziwa zimene zimachitika m'kalasi yoyamba: mwana amene kwawo amalankhula Chichewa chokha amakhala duu, osati chifukwa ndi mbuli, koma chifukwa funso labwera m'chilankhulo chimene sanachimvepo. Ena amabwereza kalasi, ena amatopa n'kupita kukaweta ng'ombe kapena kukagwira ganyu kutsidya la Dedza ndi Lizulu. Dziko lathu linaliona vutoli kalekale. Pakati pa 1993 ndi 1997 panali kuyesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, kotchedwa PEBIMO, ndipo Chinyanja cha kuno ku Tete chinali chimodzi mwa zilankhulo ziwiri zimene anayesera. Tsono phunziro lopanga zinthu limagwirizana bwino ndi njira imeneyi. Mlatho wa timitengo ukagwa pamene mwausenzetsa njerwa, wagwa m'chilankhulo chilichonse. Mwana amayamba kumvetsa ndi maso ndi manja, amafotokoza m'Chichewa, ndipo mawu a Chipwitikizi amabwera pambuyo kudzakhala pa chinthu chimene akuchidziwa kale.

Chachiwiri ndi mwana wamkazi. Malamulo asintha ndithu. Lamulo la mu 2003 limene linkatumiza mtsikana woyembekezera ku sukulu ya usiku linachotsedwa mu 2018, ndipo mu 2019 kunabwera lamulo loletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Koma lamulo limangotseka khomo loipa. Silimuuza mwanayo kumene angapite. Bambo amene saona phindu la sukulu adzapezabe njira yomutulutsira mwana wake. Koma bambo yemweyo akaona mwana wake wamkazi atalumikiza sola yapadenga imene inakanika anyamata, kapena atakonza pampu yothirira kachewere kudimba, amayamba kuwerengera mwina. Vutoli si lathu lokha: bungwe la UNESCO linanena mu 2021 kuti mwa anthu 100 omaliza maphunziro a uinjiniya padziko lonse, akazi ndi 28 okha. Mayiko olemera nawonso akulimbana nalo. Ife tili ndi mwayi woyamba bwino, chifukwa mwana wamkazi wa kuno amadziwa kale kulemera kwa malita 20 a madzi, utsi wa mbaula ndi kutalika kwa ulendo wa kuchigayo. Mavuto amene uinjiniya uyenera kuthetsa iye ndiye amawasenza pamutu.

Chachitatu ndi mwana wolumala. M'midzi yathu muli ana osamva, ana oyenda ndi ndodo, ana achialubino amene saona bwino pabolodi. Ambiri amakhala kunyumba, ndipo amene amapita amakhala kumbuyo kwa kalasi ngati alendo. Mozambique inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2012, koma pangano silikweza njinga ya wolumala pakhonde la sukulu. Ana okha angathe kutero. Amisiri ambiri amatsata muyeso wakuti pokwera sentimita imodzi, njira yotsetsereka italike masentimita 12. Ngati khonde la kalasi latalika masentimita 30, njirayo ikhale mamita 3 ndi masentimita 60. Amenewo ndi masamu a kuchulukitsa a ku pulayimale. Ana ayeze, awerengere, awumbe njerwa, ndipo woyesa ngati ntchito yatheka akhale mnzawo wa panjinga uja. Tsiku limenelo iye ndiye amene ali ndi mawu omaliza, ndipo anzake amaphunzira kuti chinthu chimapangidwa bwino pofunsa mwini wake wochigwiritsa ntchito. Mwana wosamva naye, amene amatayika mphunzitsi akamalankhula, pojambula ndi pomanga sasiyana ndi wina aliyense.

Chachinayi ndi umphawi. Ambiri a inu munamva pa wailesi za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi. Pa njala ya 2001 ndi 2002 anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. Ali ndi zaka 14 anapeza buku la za mphamvu ya magetsi m'kalaibulale kakang'ono, ndipo ngakhale Chingerezi chinkamuvuta, anatsata zithunzi n'kupanga makina oyendera mphepo ndi zidutswa za njinga, mitengo ya bulugamu ndi zitsulo zotayidwa. Nyumba ya kwawo inawala. Pambuyo pake anakaphunzira ku America, ndipo mu 2019 kunatuluka kanema wa moyo wake. Anthu amakonda kunena nkhaniyi ngati umboni wakuti wanzeru amadzipulumutsa yekha. Ine ndimaimva mwina. Sukulu inamutaya mwanayu chifukwa cha ndalama, ndipo anapulumukira pa buku limodzi limene linapezeka mwamwayi. Akanakhala mtsikana, kodi akanaloledwa kutha masiku akutola zitsulo pamene kunyumba kulibe madzi? Dziko silingadalire mwayi. Ntchito ya sukulu ndi kupereka kwa ana onse chimene iye anachipeza mwangozi.

ZOTSUTSA ZIMENE NDAMVA

Ndakambapo ganizoli ndi aphunzitsi ndi makolo, ndipo mayankho awo si opepuka.

Akuluakulu ena amati: zimenezi tinaziona kale nthawi ya atsamunda. Akunena zoona. Pa nthawi imeneyo mwana wa munthu wakuda ankapatsidwa sukulu yapansi, khasu ndi ntchito zamanja, pamene sukulu zapamwamba zinali za ana a Azungu ndi ochepa otchedwa assimilado. Mantha akuti ana a kumudzi apatsidwanso nyundo pamene ana a m'tauni akupatsidwa mabuku ndi mantha oyenera. N'chifukwa chake ndikunena kuti phunziroli lisakhale la ana amene alephera mayeso, ndipo lisalowe m'malo mwa masamu ndi Chipwitikizi. Likhale la onse, ndipo lizikoka masamu. Kusiyana kwa ganyu ndi uinjiniya kuli pa funso lakuti chifukwa chiyani. Mwana amene wangouzidwa kuti kumba apa wagwira ganyu. Mwana amene wayeza kutsetsereka kwa munda n'kusankha yekha pokumba waphunzira uinjiniya.

Ena amati: tilibe zipangizo, ana ena akuphunzirira pansi pa mtengo, inu mukunena za uinjiniya? Izinso n'zoona, ndipo sindikupempha makompyuta. Tamvani zitsanzo. Nsungwi zitatu, chingwe ndi mwala zimapanga chida chooneka ngati chilembo cha A chimene alangizi a zaulimi amayezera mizere yopingasa pamtsetse kuti nthaka isakokoloke. Minda yathu ya m'mapiri ikuchifuna chida chimenechi. Mvula ya milimita imodzi pa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Denga la kalasi la mamita 8 ndi 7, mvula ikagwa mamilimita 10, limagwetsa malita 560, ndowa 28 za malita 20. Ana awerengere zimenezo, kenaka aganize za ngalande ndi thanki. Akhoza kumanga kachisakasa kosungiramo mbewu ya kachewere kolowa mpweya ndi kuwala pang'ono kuti mphukira zituluke zazifupi ndi zolimba. Akhoza kuyerekeza mbaula ziwiri zadothi kuti aone imene imawiritsa madzi ndi nkhuni zochepa. Njinga yakufa, tochi yowonongeka ndi mjigo wa pasukulu ndi mabuku okwanira kuyambira.

Aphunzitsi amati: ife sitinaphunzire zimenezi, ndipo nthawi tiipeza kuti? Nthawi ilipo. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale ya mu 2004 inabweretsa phunziro la Ofícios, ndiponso inapatula magawo 20 pa 100 a nthawi kuti aphunzitsidwe zinthu za m'dera, chimene amati currículo local. M'malo ambiri nthawi imeneyi imathera kusesa bwalo ndi kulimira munda. Za luso, mutu umodzi susenza denga. Pa msika uliwonse pali wowotcherera zitsulo, wokonza njinga zamoto, kalipentala ndi mayi woumba mbaula. Aitanidwe m'kalasi mwaulemu; iwo aonetse kachitidwe, mphunzitsi aonetse masamu ake.

Pali ngozi imodzi imene ndiyenera kuitchula poyera, chifukwa ndinaiona ndili mwana wa sukulu. Tsiku la ntchito zamanja likafika, anyamata ankapatsidwa sowo ndi nyundo, atsikana ankatumidwa kukatunga madzi oponda dothi, ndipo zopangidwazo zinkathera kunyumba za akuluakulu. Tikachitanso chomwecho, phunziroli lidzakulitsa kusiyana kumene tikufuna kuthetsa. Gulu lililonse likhale ndi atsikana ndi anyamata, ndipo ntchito zizisinthana: woyeza lero, mawa ajambule, mkuja agwire sipanala. Madzi atunge onse.

TIYAMBIRE PATI?

Lamulo la maphunziro la mu 2018 linati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi yachisanu ndi chinayi. Zaka zisanu ndi zinayi ndi zambiri. Mwana amene wakhala pabenchi zaka zonsezo sayenera kutuluka osadziwa kuwerenga tepi yoyezera.

Kwa a khonsolo ya sukulu, inu makolo amene tinakusankhani: pamsonkhano wotsatira funsani mphunzitsi wamkulu kuti nthawi ya zinthu za m'dera ikugwiritsidwa ntchito yanji, ndipo sankhani vuto limodzi la pasukulupo loti ana alithetse chaka chino. Kwa mafumu athu, a Gogo Chalo: mawu anu ndi olemera. Mukanena pabwalo kuti mwana wamkazi agwire sipanala, palibe adzamuthamangitse pamjigo. Kwa a komiti ya madzi: tsiku lotsegula mjigo itanani kalasi yachisanu ndi chimodzi idzaone ndi kugwira nawo. Kwa akuluakulu a maphunziro ku Ulongwe: phunzitsani aphunzitsi awiri kapena atatu pa gulu lililonse la sukulu zoyandikana, ndipo muwapatse kabokosi ka zida, tepi, sowo, pulayala ndi masipanala. Kwa ophunzira a ku yunivesite pa Ulongwe, makamaka aakazi: bwerani kuno ku Domwe tsiku limodzi pa chigawo cha chaka, mudzaime patsogolo pa kalasi n'kulankhula Chichewa, kuti ana athu aone kuti enjenyeru amatha kuchokera m'nyumba yonga yawo. Kwa makampani amene akudya chuma cha chigawo chino: mipira ndi zipewa talandira, tsopano tikupempha zida ndi malo ophunzirira ntchito a ana a kumapiri kuno.

Makolo athu anathawa nkhondo, anakakhala m'misasa ku Malawi, ndipo mtendere utabwera mu 1992 anabwerera kudzapeza sukulu zili mabwinja. Anaumba njerwa okha, anazimanganso. Ife amene tinaphunzira m'makalasi amenewo tili ndi ngongole kwa iwo, ndipo ngongoleyo tibweze kwa ana.

Mjigo wa kwathu uja ukutulutsa madzi, koma kamphira kaja kadzadyekanso, pakuti ndi mmene kanapangidwira. Ndapempha a komiti kuti tigule timphira tiwiri tosungira, ndipo avomera kuti tsiku losintha adzaitana ana a sukulu, atsikana patsogolo. Inunso kafunseni kwanu kuti mjigo ukadzafa, adzaukonza ndani.